Kubwezera Munthu ku Ntchito za Manja Ake

NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOLANKHULA:

 Mawu anga apite makamaka kwa inu amene mwangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo mukusinkhasinkha za njira imene mudzatsate, pamodzi ndi inu makolo amene mudzagulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza kuti ana amenewa aphunzire. Mu pulogalamu yathu ya za ntchito ndi maphunziro, lero tikamba za ntchito ina ya kuchipatala imene mbiri yake simveka monga imvekera ya udokotala kapena ya unamwino, ndiyo ntchito ya wothandizira katswiri wa occupational therapy, munthu amene aphunzitsa odwala ndi aulumali kudzichitiranso okha zinthu za tsiku ndi tsiku.

Pali nthawi ina m'chipatala imene ambiri saiganizira, ndiyo nthawi imene dokotala wanena kuti zoopsa zapita, mankhwala agwira, bala lapola, ndipo achibale, atayamika Mulungu, ayamba kumanga mitolo kuti abwerere kumudzi. Mayi amene mtsempha wa magazi unatsekeka mu ubongo wake chifukwa cha BP, matenda otchedwa sitiroko, wapulumuka, inde, koma dzanja limodzi lingolendewera, ndipo chitenje sangadzimange. Mnyamata amene anagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kuthyoka msana ali moyo, koma sadziwa kuti achoka bwanji pamphasa kupita kuchimbudzi. Mwana amene anakomoka ndi malungo okwera ku ubongo watsitsimuka, koma supuni imugwa m'manja; ndipo msungwana wa khunyu amene anagwera pamoto zilonda zake zapola, koma zala zake zikukokana ndi kupindika tsiku ndi tsiku. Anthu otere sali ochepa pakati pathu, pakuti kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu ndi kupitirira apo, pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 alionse m'Malawi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Akuluakulu anati, lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Tsono taganizani za kudya nsima, chinthu chimene inu mwachita lero lomwe osachiganizira n'komwe. Kuti munthu adye, ayenera kukhala tsonga osagwera kumbali. Diso lione mbale yonse. Phewa litule dzanja pa mtanda. Zala ziteme mbamu ndi kumva ngati yatentha. Chikhato chiiumbe, chala chachikulu chiboole kadzenje, dzanja lisunse mu msuzi, chigongono chipinde kufikira pakamwa, ndipo mmero umeze osatsamwa. Chimodzi chokha mwa izi chikasowa, munthu wamkulu, mwini nyumba ndi mwini mbumba, asanduka wodyetsedwa. Alipo ena amene sitiroko inawagwira mbali ya kumanja ya ubongo, amene adya theka la chakudya la kumanja lokha n'kuleka, natsimikiza kuti mbale yatha, pamene theka la kumanzere lili chikhalire. Maso awo ali bwino lomwe, koma ubongo waiwala kuti dziko lili ndi mbali ya kumanzere. Alipo enanso amene dzanja lamanja ndilo linafa, ndipo ngakhale lamanzere likhoza kuwadyetsa, akana kudya pamaso pa alendo chifukwa cha manyazi, popeza kwathu kuno dzanja limenelo silidyera kapena kupereka moni. Wogwira ntchito imene tikukambayi ayenera kuziona zonsezi, za thupi, za ubongo ndi za mtima, ndi kudziwa poyambira.

Pa ntchitoyi pali maudindo awiri. Katswiri, amene waphunzira zaka zambiri, ndiye ayeza wodwala, napeza chimene chalephereka ndi chifukwa chake, nalemba dongosolo la chithandizo, ndipo ndiye anena kuti chithandizo chatha. Wothandizira ndiye atenga dongosolo lija n'kuligwiritsa ntchito, m'mawa ndi masana, sabata ndi sabata, pambali pa bedi, m'bafa, kukhitchini ndi pakhonde la kumudzi, nabwerera kwa katswiri kukanena zimene waona. Ena amva mawu oti wothandizira n'kuganiza kuti ndi wonyamula zikwama za mnzake. Ine ndinena kuti amene akhala nthawi yaitali koposa ndi wodwala ndi wothandizirayo, ndipo dongosolo lolembedwa mwaluso lotani likagwera m'manja mwa wothandizira wosaphunzira bwino lingokhala pepala.

Ntchitoyi ili ndi kwawo ndi chiyambi chake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene odwala misala ku Ulaya anali kumangidwa ndi maunyolo, Philippe Pinel ku Paris ndi William Tuke, amene anatsegula nyumba yotchedwa Retreat ku York m'chaka cha 1796, anaona kuti odwalawo akapatsidwa ulemu ndi chochita, monga kulima m'dimba, kusoka ndi kupala matabwa, mitima yawo ikhala pansi koposa pamene angotsekeredwa. Koma ntchitoyi inakhazikika ndi kulandira bungwe lake ku America, m'mwezi wa March chaka cha 1917, pamene anthu asanu ndi mmodzi anasonkhana m'kamzinda ka Clifton Springs m'chigawo cha New York. Mwini nyumba imene anakumanamo, George Edward Barton, sanali dokotala ayi, koma wojambula mapulani a nyumba, amene anadwala chifuwa chachikulu, nadulidwa mbali ya phazi, nafa ziwalo mbali imodzi, ndipo anadzibweza yekha ku moyo pogwira ntchito za ukalipentala ndi za m'dimba. Nyumbayo anaitcha Consolation House. Pamodzi naye panali dokotala wa matenda a maganizo William Rush Dunton, ndi Eleanor Clarke Slagle, mayi amene anaphunzitsa odwala okhalitsa m'zipatala za misala kudzuka, kusamba, kuvala, kudya ndi kugwira ntchito pa nthawi zake, kufikira chizolowezi chitabwerera mwa iwo. Panalinso Susan Cox Johnson, Thomas Kidner, ndi mlembi wa msonkhanowo, Isabel Newton, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Barton yemweyo; pakuti misonkhano ya mabungwe nthawi zina ibala zipatso zimene sizinalembedwe pa ndondomeko.

Chaka chomwecho America analowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo asilikali obwerera opanda manja, opanda miyendo, ena osokonezeka mitu ndi kulira kwa mizinga, anachulukitsa kufunika kwa ntchitoyi. Itatha nkhondo yachiwiri, akatswiri anachepa kwambiri poyerekeza ndi odwala, makamaka m'zipatala zazikulu za misala, kotero kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 bungwe lawo linavomereza kuti pakhale othandizira ophunzitsidwa mwadongosolo. Maphunziro oyambawo anali a miyezi itatu yokha, ndipo anaperekedwa kwa anthu amene anali kale pantchito m'zipatalamo.

Lero njira ya ku America yatalika. Wofuna kukhala wothandizira alowa m'koleji imene maphunziro ake avomerezedwa ndi bungwe lotchedwa ACOTE, ndipo ambiri aphunzira zaka ziwiri kuti alandire digiri yaing'ono imene kumeneko aitcha associate degree. Pakati pa maphunziro a m'kalasi apita kukaonerera ntchito m'zipatala, m'masukulu ndi m'nyumba za okalamba. Ndipo chakumapeto ayenera kugwira ntchito yeniyeni masabata osachepera 16, tsiku lathunthu, pansi pa diso la womuyang'anira. Akatsiriza, alemba mayeso a maola anayi a bungwe la NBCOT, ndipo akakhoza aloledwa kulemba zilembo za COTA kumapeto kwa dzina lake. Komabe asanagwire wodwala ayenera kulandiranso chiphaso kuchokera ku boma la chigawo chimene akhalamo. Wofuna kukhala katswiri womuyang'anira uja, kuyambira chaka cha 2007, ayenera kukhala ndi digiri yachiwiri kapena yoposera apo.

NYIMBO PANG'ONO

WOLANKHULA:

Kodi m'zaka zimenezi munthu aphunzira chiyani? Aphunzira mafupa, minofu, mitsempha ndi ubongo, maina ake ndi magwiridwe ake. Aphunzira makulidwe a mwana kuyambira pobadwa, kuti adziwe msinkhu umene mwana ayenera kulimba khosi, kukhala, kukwawa ndi kutola kanthu ndi zala ziwiri. Aphunzira matenda a thupi ndi a maganizo, ndi zimene ukalamba uchita pa munthu. Izi zonse zili m'mabuku, ndipo wakhama azidziwa. Koma luso lenileni la ntchitoyi ndilo kumasula ntchito wamba m'tizigawo take, monga tachitira ndi nsima ija, ndi kudziwa kufewetsa kapena kulimbitsa kagawo kalikonse molingana ndi mphamvu imene wodwala ali nayo tsikulo.

Tiyeni tione wophunzira akuphunzitsa bambo wofa mbali imodzi kuvala malaya. Amukhazika pampando wolimba, mapazi onse awiri atagunda pansi. Malaya awayala pamiyendo pake, kolala ili kumaondo, mkati mwa malaya muli kumwamba. Ndi dzanja lamphamvu bamboyo anyamula dzanja lofooka lija n'kulilowetsa m'mkono wa malaya, nakoka nsalu kufikira yadutsa chigongono n'kukwera paphewa; pakuti ikatsalira pansi pa chigongono zonse zikanika. Kenaka azungulitsa malaya kumsana, nalowetsa dzanja lamphamvu pomalizira. Mabatani ayambira pansi, pamene diso liona bwino, kuti asasemphane. Povula, dzanja lamphamvu ndilo liyamba kutuluka. Tsiku loyamba ntchito imeneyi ingatenge theka la ola, ndi thukuta, ndi mkwiyo, kapena ndi misozi. Ndipo nthawi yonseyo wophunzira ali chilili pambali yofookayo, wokonzeka kumugwira akapendekeka, koma mabatani osawakhudza.

Apa ndipo pali phunziro lovuta koposa onse, limene ambiri a mtima wabwino apunthwapo. Ife tinaleredwa kuti wodwala sagwira kanthu: timutungira madzi, timusambitsa, timuveka, timudyetsa, ndipo tikamuona akuvutika ndi batani tithamanga kukamumangira, poopa kuti anthu angatinene nkhanza. Chifundo chimenechi n'chokoma m'masiku a kudwala kwakukulu, ndipo sindichinyoza, pakuti zipatala zathu sizikanayenda popanda odwazika matenda amene agona pansi pa mabedi ndi kuphika kuseri kwa mawodi. Koma chikapitirira nyengo yake chimupha munthu ali moyo. Dzanja losagwiritsidwa ntchito liuma, mfundo zilimba, ubongo uleka kulifunafuna, ndipo choposa zonse mwini wake ayamba kukhulupirira kuti watha. Amene awerenga Uthenga Wabwino akumbukira munthu uja wa pa thamanda la Betesda, wodwala zaka 38, kuti pa tsiku la kuchira kwake mphasa yake sanamunyamulire wina. Anauzidwa kuinyamula mwini. Wothandizira wophunzitsidwa bwino achita monga mayi wophunzitsa mwana kuyenda, amene atambasula manja koma nabwerera m'mbuyo phazi limodzi nthawi iliyonse mwanayo akati amugwire. Kudziwa kuti lero ndithandize pati, mawa ndichepetse pati, ndi kupirira kuona munthu akulimbana pamene iwe ukanatha kumuchitira m'kamphindi, si nkhanza, ndipo si chibadwa; n'chinthu chophunzira, ndipo chiphunziridwa pambali pa bedi, osati pa bolodi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiponso wothandizira aphunzitsa anthu awiri nthawi imodzi, wodwala ndi womusamalira. Mkazi wa mnyamata wothyoka msana uja ayenera kudziwa kumutembenuza maola awiri alionse ndi kumuyang'ana khungu la m'chiuno ndi la ku zidendene, chifukwa zilonda zobwera ndi kugona malo amodzi zapha ambiri amene ngozi yeniyeniyo inawasiya. Ayenera kudziwa kumuchotsa pabedi kumuika pa chikuku osadzithyola msana iye mwini, ndi kusakoka phewa la munthu wa sitiroko pomudzutsa, pakuti phewa lotere ligweluka msanga. Mayi wa mwana wopsa ayenera kumvetsa chifukwa chake dzanja la mwanayo limangidwa lotambasuka pa kachipangizo kolimba, ngakhale mwana alira ndi kufuna kulifumbata. Chipsera chikoka khungu pamene chikupola, ndipo dzanja likapolera chofumbata silidzatambasukanso popanda mpeni wa dokotala. Tizipangizo timeneti ophunzira aphunzira kutiumba ndi pulasitiki wina amene afewa m'madzi otentha n'kuuma akazizira, ndipo aphunziranso kusalaza m'mphepete mwake ndi kuyang'ana pakapita kanthawi ngati pena pafiira.

Pali mbali ina imene achinyamata aiona yotopetsa, ndiyo kulemba. Chilichonse chimene wachita ndi wodwala chilembedwa: zimene wodwala wanena, zimene maso ako aona, m'mene zasinthira, ndi zoti zichitike mawa. Kulemba kuti wodwala akupezako bwino sikuthandiza munthu; wothandizira alemba kuti lero wamanga yekha mabatani atatu mwa asanu, atakhala pansi, atakumbutsidwa kawiri. Pa mawu oterewa mpamene katswiri aona ngati dongosolo lisinthe. Ndipo wothandizira ayenera kudziwa malire ake: akaona dzanja latupa mwachilendo, wodwala akulankhula zosokonekera zimene dzulo kunalibe, kapena wovutika maganizo watchula zodzipha, asayese nzeru zake, koma akanene msanga. Safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito iyi phulalo adya ndi wodwala.

Nanga kwathu kuno? Ku Malawi akatswiri a ntchitoyi akhala ochepa kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo anakaphunzira kunja, monga ku Moshi m'dziko la Tanzania. Katundu wamkulu wanyamulidwa ndi anthu otchedwa ma rehabilitation technician, amene aphunzira dipuloma ku Kachere mu mzinda wa Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, pansi pa bungwe la MAP, limene poyamba linali lolimbana ndi poliyo ndipo pambuyo pake linafutukula ntchito yake kufikira ulumali wa mitundu ina. Iwowa aphunzira mbali zonse ziwiri, ya mafizo, yolimbitsa minofu ndi kuyendetsa munthu, ndi iyi ya kumubwezera ku zochita zake. Ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma iwo ndiwo okhawo amene wodwala adzawaona. Digiri ya mafizo inayamba ku College of Medicine m'chaka cha 2010, sukulu imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito ipezeka m'zipatala zazikulu, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kwa a St John of God ku Mzuzu, ndi m'mabungwe amene ayendera aulumali m'midzi mwawo.

Wophunzira wa kuno ali ndi phunziro lina limene mnzake wa ku America salisowa kwenikweni, ndilo kupanga zipangizo ndi zimene zilipo. Kumene kulibe supuni ya chigwiriro chachikulu yogula m'sitolo, akulunga chigwiriro ndi nsalu kapena ndi mphira ya chubu cha njinga kufikira dzanja lofooka litha kuifumbata. Kumene munthu sangathe kunjuta pa chimbudzi chokumba, apita kwa kalipentala wa pamsika kuti aboole mpando wa matabwa n'kuuika pamwamba pa dzenje, namanganso chingwe kapena mtengo wogwira podzuka. Mayi wa dzanja limodzi wofuna kuphika amukonzera pokhazika mphika kuti usagwedezeke pamene akuvundula ndi mthiko. Mwana wofooka thupi chibadwire, amene wakhala chogona chagada zaka zake zonse akuyang'ana denga, amupangira mpando wa makatoni omatidwa ndi phala la ufa, luso limene linakula ku Zimbabwe ndi mphunzitsi wina dzina lake Bevill Packer. Mpandowo ukauma ulimba ndithu, ndipo mwana akakhala tsonga kwa nthawi yoyamba ameza bwino, apuma bwino, naona anzake akusewera pabwalo. Zinthu zimenezi sizinyozeka chifukwa n'zotchipa. Chikuku chokongola chochokera kunja, chimene mawilo ake atitimira mu mchenga ndipo chikathyoka palibe wochikonza, chiposedwa kutali ndi chipangizo chimene wowotcherera zitsulo wa pa tauni akhoza kuchilumikiza.

Kwa inu tsono amene mtima wakoka, ndinena mosabisa kuti ntchitoyi ndi yolemetsa thupi. Mudzanyamula anthu, mudzagwada pansi, mudzalowa m'mabafa ndi m'zimbudzi za eni ake, mudzatukwanidwa ndi odwala amene matenda awasintha khalidwe, ndipo ena mudzawataya mutawazolowera. Iye wofuna ulemu wa jekete loyera ndi kuitanidwa ndi dzina lalikulu afune kwina. Maphunziro a sayansi, makamaka Biology, pamodzi ndi Chingerezi ndi masamu, ndiwo maziko amene masukulu a zaumoyo ayang'ana pa satifiketi ya MSCE, choncho amene mudakali m'kalasi musawataye. Musanalembe kalata yopempha malo, pitani ku chipatala cha boma lanu, mupemphe chilolezo kwa oyang'anira, muone ndi maso anu zimene zichitika ku chipinda cha mafizo, ndipo mufunse amene agwira ntchito kumeneko za masiku awo abwino ndi oipa.

Ndipo inu makolo, musanalipire ndalama ku sukulu iliyonse, funsani ku Medical Council of Malawi ngati maphunziro ake ali ovomerezeka ndi ngati mwana wanu akamaliza adzalembedwa m'kaundula, pakuti wopanda kulembedwa saloledwa kugwira odwala. Chenjezo lomweli lipite kwa amene alota zokagwira ntchito kunja. Maphunziro a pa intaneti olonjeza satifiketi m'masabata ochepa, opanda kugwira wodwala ndi mmodzi yemwe, sangamufikitse munthu pa mayeso a NBCOT, popeza ku America alemba okhawo otuluka m'sukulu zovomerezeka. Pamene ku Britain, kumene abale athu ambiri akusamalira okalamba, othandizira otere kawirikawiri alembedwa ntchito n'kumaphunzira ali pantchitopo, ndipo ena atsata njira imeneyo kufikira akhala akatswiri. Dziko lililonse lili ndi khomo lake, ndipo pepala la dziko lina silitsegula lokha khomo la linzake.

Nthawi yathu yathera pompa. Sabata yamawa, pa nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za amisiri opanga miyendo ndi manja oikirira, ndi kumene luso limenelo liphunziridwa. Tsalani bwino, mugone kutali ndi moto.

NYIMBO YOTSEKERA